FONI NAYO IFUNA KHOLA NDI MBUSA

Munthu aliyense wa m'boma la Mzimba audziwa mlandu wa ng'ombe zolowa m'munda wa mwini. Mnyamata apita nazo kudambo m'mawa, akhala pansi pa mtengo, ndipo maso ake achoka pa ng'ombe kanthawi kochepa chabe. Pamene adzidzimuka apeza kuti zadya chimanga cha mnansi mizere khumi. M'mawa mwake nkhani ili pabwalo kwa a mfumu, ndipo atate ake a mnyamatayo ndiwo alipira. Kale chimene chinali kuchotsa maso a mbusa pa ng'ombe chinali tulo, kapena kuumba ng'ombe zadothi, kapena kulondola mbalame ndi legeni. Masiku ano chawonjezekapo chinthu china, ndipo chimenechi sichigwira abusa okha iai. Chigwira alimi, aphunzitsi, ana a sukulu, amayi a pamsika ndi akulu a mpingo omwe. Chinthucho ndicho foni ya m'manja, makamaka masamba a mchezo amene ali m'menemo, monga Facebook, WhatsApp ndi TikTok.

Foni si chinthu choipa. Ng'ombe nayo si yoipa: ilima, ikoka ngolo, ipatsa mkaka ndi manyowa, ndipo ndiyo chuma cha Angoni kuyambira makedzana. Koma ng'ombe yopanda khola ndi mbusa itha munda. Chomwechonso foni yopanda nthawi yake ndi malo ake itha tsiku la munthu. Nkhani ino ifotokoza chifukwa chake foni ikoka maso kwambiri chotere, chimene munthu ataya, ndi njira zoimangira khola.

KALE KALATA, LERO FONI

Kuchokera ku Engucwini ndi pa boma la Mzimba mpaka ku Embangweni, ku Jenda ndi ku Luwerezi, n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana kapena mbale ku South Africa. Ulendo wa ku Joni, ndiko ku Johannesburg, si wa lero. Agogo anapita ku migodi ya golidi polembedwa ndi bungwe la Wenela, ena napita ku Salisbury, mzinda umene tsopano utchedwa Harare. Mu 1974 ndege yobwera ndi anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70, ndipo Boma la Dr. Banda linaletsa Wenela kulemba anthu kuno. Koma ulendowo sunathe, pakuti mpaka lero anyamata ndi atsikana a ku Mzimba ali kupitabe kukafuna ntchito.

Masiku amenewo mbiri ya wapaulendo inali kubwera pa kalata. Kalata inali kutha milungu panjira, ndipo ikafika, mayi wosadziwa kuwerenga anali kupita nayo kwa mphunzitsi kuti amuwerengere. Ena sanalembe n'komwe, ndipo anthu anawatcha matchona. Lero mayi yemweyo angathe kumva mawu a mwana wake tsiku lomwelo, kuona nkhope ya mdzukulu wobadwira kutali, ndi kuuzidwa kuti ndalama za feteleza kapena za malata zatumizidwa.

Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ya Celtel, imene lero ndi Airtel, inabwera mu 1999. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo Mpamba mu 2013. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chinaonetsa kuti mayi woyembekezera angathe kulandira malangizo ali kumudzi. Mlimi wa ku Jenda afunsa mtengo wa tomato, anyezi kapena mbatata ya kachewere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe asanakweze katundu pa galimoto. Uthenga wa maliro ufika kwa abale onse ola limodzi lisanathe. Zonsezi ndi zabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene afuna kubwerera ku masiku a kalata. Vuto lili pa zimene zitsatira munthu atatha kuwerenga uthenga umene anatsegulira foniyo.

KODI ALIPIRA NDANI?

Facebook inayamba ku America mu 2004. WhatsApp inayamba mu 2009, ndipo eni ake a Facebook anaigula mu 2014. TikTok ndi ya kampani ya ku China, ndipo inafala pa dziko lonse cha m'ma 2018. Munthu agula bandulo kwa TNM kapena kwa Airtel, koma kwa eni masambawa salipira kanthu. Tsono funso ndi lakuti, makampani aakulu otere apeza bwanji ndalama?

Yankho lake ndi malonda. Amalonda alipira Facebook ndi TikTok kuti katundu wawo aonekere kwa anthu amene ali kuyang'ana. Munthu akakhalitsa pa tsamba, aona malonda ochuluka, ndipo kampani ipeza ndalama zochuluka. Chotero chimene eni masambawa agulitsa kwa amalonda ndicho nthawi ndi maso a anthu. Zili ngati mwini sitolo amene aimba nyimbo pakhonde kuti anthu asachoke. Mu 2017 Sean Parker, amene anali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, anavomera poyera kuti poyambitsa tsambalo anali kufunafuna njira yodyera nthawi ndi maganizo a munthu monga momwe angathere.

Mfundo imeneyi njofunika kuimvetsa. Munthu amene alephera kusiya foni asadziyese wopusa kapena waulesi. Alimbana ndi chinthu chimene akatswiri ambiri olipidwa bwino anachikonza dala kuti chikhale chovuta kusiya. Wodziwa m'mene msampha anautchera ndiye aupewa.

MISAMPHA INAYI

Msampha woyamba ndi kabelu. Foni ilira kapena injenjemera m'thumba, ndipo pa chithunzi cha WhatsApp paoneka kanambala kosonyeza mauthenga amene adikira. Mtima wa munthu sukhazikika mpaka aone. Kabeluko sikasiyanitsa uthenga wa matenda ndi nthabwala yotumizidwa ku gulu la anthu 200. Zonse zilira chimodzimodzi.

Wachiwiri ndi tsamba lopanda mathero. Buku lili ndi tsamba lomaliza. Pologalamu ya pa wailesi itha. Mbale ya nsima nayo itha, munthu nasamba m'manja. Koma pa Facebook ndi pa TikTok, chala chikakankha chithunzi chimodzi, china chibwera pansi pake, ndipo sipafika pamene munthu anganene kuti ndamaliza. Njira imeneyi anaikonza Aza Raskin wa ku America mu 2006, ndipo pambuyo pake iye mwini ananena kuti amva chisoni poona nthawi ya anthu imene yatayika nayo.

Wachitatu ndi mphotho yosadziwika. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, anayesa nkhunda ndi makoswe m'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Anapeza kuti nkhunda imene ilandira chakudya nthawi zina ikajompha kabatani, koma nthawi zina osalandira, ijompha kwambiri ndipo sileka msanga, kuposa imene ilandira nthawi zonse. Mlenje wotchera misampha ya mbewa aidziwa nkhaniyi: chifukwa sadziwa una umene wagwira, ayendera yonse. Wa juga nayenso abwerera chifukwa chomwecho. Pa foni, zithunzi khumi zingakhale zachabe, koma chakhumi ndi chimodzi chiseketsa, kapena wina wayamikira chithunzi cha mwini foni. Chotero chala chipitirira kukankha.

Wachinayi ndi makina ophunzira munthu. Tsamba lililonse lisunga mbiri ya zimene munthu anaima kuti aone, ndi nthawi imene anakhalapo. Wokonda mpira limpatsa mpira. Wokonda ndale limpatsa mikangano ya ndale. Wokonda miseche limpatsa miseche. Tsiku ndi tsiku makinawo amdziwa bwino koposa, ndipo nyambo ikhala yokoma koposa. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

CHIMENE MUNTHU ATAYA

Choyamba ndi nthawi. Taganizani za munthu amene atha maola awiri pa tsiku pa masamba a mchezo, pang'ono m'mawa, pang'ono masana, kwambiri usiku. Pa chaka amenewo ndi maola 730. Kuwagawa m'masiku a ntchito a maola asanu ndi atatu, apezeka masiku 91, ndiyo miyezi itatu. Miyezi itatu ndi teremu yathunthu ya sukulu. Miyezi itatu ikwana kuumba ndi kuotcha njerwa za nyumba, kapena kukumba dziwe la nsomba, kapena kuphunzira kusoka pa makina.

Ndipo nthawi zonse sizilingana mtengo. Ola la mu Julaye si ola la mu Disembala kapena Januwale. Mvula ya ku Mzimba ikagwa, kubzala sikudikira. Udzu uyenera kupaliridwa m'milungu iwiri kapena itatu chimanga chitamera, ndipo feteleza wobereketsa ali ndi nthawi yake. Wosuta fodya wa chikopa adziwa kuti moto wa m'balani ukazilala usiku umodzi, tsamba lawonongeka. Mlimi amene agona pakati pa usiku chifukwa cha makanema afika kumunda dzuwa litakwera, ndipo mizere imene sanapalire lero aiona pa nthawi yokolola. Madzi akatayika saoleka.

Chachiwiri ndi kukhazikika kwa maganizo. Anthu ambiri ayesa kuti angathe kuwerenga buku uku ali kuyankha mauthenga. Ofufuza za ubongo apeza kuti munthu sachita ntchito ziwiri zofuna kuganiza pa nthawi imodzi. Angodumpha kuchoka pa ina kupita pa ina, ndipo pa kudumpha kulikonse ataya kanthu. Mwana wa Folomu 4 amene ali pakati pa samu yovuta, foni nilira, sabwerera pamene analekeza. Ayamba wafunafuna pamene anali, mwina nayambiranso pachiyambi. Gloria Mark wa pa yunivesite ya California ku Irvine anayesa anthu ogwira ntchito pa kompyuta. Mu 2004 anapeza kuti munthu anali kukhala pa chinthu chimodzi pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka asanatembenukire ku china. M'zaka za pambuyo pake nthawiyo inatsika kufika pa masekondi 47. Mayeso a MANEB, kaya a Sitandade 8, a JCE kapena a MSCE, afuna mwana wokhoza kukhala pa pepala limodzi maola awiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chachitatu ndi tulo. Madokotala ati munthu wamkulu afunika kugona maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo, ndipo achinyamata afunika maola asanu ndi atatu kufikira khumi. Foni ya m'bulangeti ichedwetsa tulo, chifukwa kuwala kwake ndi nkhani zake zidzutsa ubongo pa nthawi imene ufuna kupuma. Mwana wosagona bwino awodzera m'kalasi, ndipo zimene anaphunzira dzulo sizikhala m'mutu. Wa kabaza wa njinga yamoto wosagona bwino, kapena woyang'ana foni ali pa msewu wa M1, aika pangozi moyo wake ndi wa amene wamunyamula.

Chachinayi ndi ndalama. Makanema ndiwo adya bandulo msanga kuposa mauthenga olemba. Munthu akamawononga K500 pa tsiku, pa chaka ndi K182,500. Aliyense awerengere yekha mabuku, mbewu kapena nkhuku zimene ndalama yotere ikadagula. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'makomo ena ndalama imeneyi ichokera kwa mbale amene ali kugwira ntchito yowawa ku Joni, nadzimana kuti kumudzi kukhale chitukuko.

Chachisanu ndi mtendere wa mumtima. Wapaulendo atumiza chithunzi ataima pambali pa galimoto yokongola, atavala suti. Satumiza chithunzi cha chipinda chimene agona anthu asanu, kapena cha tsiku limene anabisala chifukwa mapepala ake anatha. Mnyamata wa kumudzi aona chithunzicho, nayamba kunyoza sukulu ndi munda wa atate wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupita kunja kukafuna ntchito si kulakwa, koma munthu asankhe atamva zonse, osati ataona chithunzi chokha.

ZIMENE ENA ANAPEZA ATAYESA KUCHEPETSA

Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anatenga ophunzira 143 nawagawa pawiri. Gulu lina linapitiriza monga mwa masiku onse. Lina linauzidwa kuti lisapitirire mphindi 10 pa tsiku pa lililonse la masamba atatu, ndiye kuti mphindi 30 zonse pamodzi, kwa milungu itatu. Pomaliza, a gulu lochepetsalo anapezeka kuti kusungulumwa ndi kukhumudwa kwawo kunachepa.

Chaka chomwecho ofufuza ena a ku yunivesite za Stanford ndi New York analipira anthu kuti atseke Facebook kwa milungu inayi. Anthuwo anapeza pafupifupi ola limodzi lapadera tsiku lililonse, ndipo gawo la nthawiyo analithera pocheza ndi abale ndi abwenzi pamaso. Ananenanso kuti anali kumva bwinoko mumtima, ngakhale kusinthako sikunali kwakukulu. Milunguyo itatha, ambiri anabwerera pa Facebook, koma sanali kukhalitsapo monga kale.

Maboma nawo ayamba kuchitapo kanthu. Dziko la France linaletsa mafoni m'sukulu za ana aang'ono mu 2018. Mu 2023 bungwe la UNESCO linalangiza kuti foni ilowe m'kalasi pokhapokha ngati ithandiza phunziro. Mu 2024 nyumba ya malamulo ya ku Australia inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Maiko amenewa ndi olemera, ndipo mafoni anafikako kale. Ngati iwo aona kuti mpofunika khola, anthu a kuno ali ndi mwayi wolimanga ng'ombe zisanalowe m'munda.

KAMANGIDWE KA KHOLA

Khola silimangidwa ndi mtengo umodzi. Nazi njira zisanu ndi ziwiri zimene munthu aliyense angayambe lero popanda kulipira kanthu.

1. Kuwerenga ng'ombe. Mwini khola ayamba wadziwa kuchuluka kwa ziweto zake. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi malo, m'kati mwa Settings, otchedwa Digital Wellbeing kapena Screen Time, amene aonetsa maola amene munthu watha pa tsamba lililonse. Ambiri akaona nambalayo adabwa. Munthu ailembe m'kope kwa mlungu umodzi.

2. Kutseka pakamwa pa kabelu. Foni ilire pamene munthu waimba, pakuti za mwadzidzidzi anthu aimba. Koma kulira kwa Facebook ndi TikTok kuzimitsidwe konse. Pa WhatsApp gulu lililonse lingathe kutontholetsedwa kwa maola asanu ndi atatu, kwa mlungu, kapena mpaka kalekale, ndipo a m'gulumo sadziwa.

3. Kuika nthawi yotsegula khola. Ng'ombe zituluka pa nthawi yake ndi kubwerera pa nthawi yake. Munthu asankhe nthawi ziwiri pa tsiku, monga atadya nsima ya masana ndi madzulo asanadye, mphindi 20 kapena 30 nthawi iliyonse. Nthawi zina zonse data ikhale yozimitsa. Abale a kutali auzidwe nthawi imeneyi, ndipo iwo adzazolowera, monga anazolowera tsiku la msika.

4. Kuika foni patali pa nthawi ya ntchito. Kulimbana ndi chilakolako foni ili m'manja n'kovuta. Kuisiya m'nyumba n'kwapafupi. Wopita kumunda amene aopa kuphonya uthenga wofunika atenge kafoni ka mabatani. Wowerenga aike foni m'chipinda china, kapena aipereke kwa mayi ake mpaka atamaliza.

5. Kugona kutali ndi foni. Ola limodzi asanagone munthu aisiye pa tebulo kapena potchajira. Amene aigwiritsa ntchito ngati tochi kapena wotchi azimitse data asanalowe m'chipinda.

6. Kuchepetsa magulu. Gulu la banja, la mpingo, la kalabu ya alimi kapena la banki m'khonde lili ndi ntchito. Koma gulu limene mwezi wathunthu silinabweretse kanthu kothandiza, munthu atulukemo mwaulemu. Aletsenso foni kukopera yokha zithunzi ndi makanema, ndipo adzaona bandulo ikukhalitsa. Asafulumire kutumiza kwa ena nkhani imene sadziwa gwero lake, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lipereka chilango kwa wozunza kapena wonyoza anzake pa intaneti.

7. Kubzala pamalo pamene palimidwa. Munda wolima koma wosabzala umera udzu. Ola limene lapulumuka lipatsidwe ntchito yodziwika: masamba khumi a buku, dimba la ndiwo zamasamba, kuwerengera ndalama za geni m'kope, kuphunzitsa mwana kuwerenga, kwaya kapena mpira. Amene anasiyira sukulu panjira angathe kubwereka mabuku nakonzekera kulembanso mayeso. Foni yomweyo ingathandize, ngati munthu aitsegula ali ndi funso, napeza yankho, naitseka.

Masiku oyamba ndi ovuta. Dzanja lipita lokha kuthumba, ndipo mtima uyesa kuti kwina kwachitika zazikulu. Munthu akagwa tsiku limodzi asataye mtima, ayambenso m'mawa mwake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

MAWU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Aphunzitsi ndiwo anali oyamba kuwerengera anthu makalata, ndipo m'midzi yambiri ndiwonso oyamba kukhala ndi mafoni aakulu. Ana ayang'ana kwa iwo. Mphunzitsi amene apatsa ana ntchito pa bolodi, iye nakhala pakhomo la kalasi mutu uli pa foni, waphunzitsa phunziro limene silili m'buku, ndipo anawo aligwira msanga kuposa masamu. Kalasi ya ana ochuluka ifuna maso onse a mphunzitsi. Nkwabwino kuti aphunzitsi a pa sukulu imodzi apangane okha kuti mafoni akhale mu ofesi kapena m'chikwama mpaka nthawi yopuma. Pangano la onse lisungika kuposa la munthu mmodzi. Mphunzitsi angathenso kupatsa ana a Sitandade 7 ndi 8 samu ya maola 730 ija kuti aiwerengere okha, pakuti yankho limene mwana apeza yekha saliiwala.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Mafoni ambiri a ana a kuno abwera ngati mphatso kuchokera kwa atate, amalume kapena achimwene a ku Joni. Mphatsoyo ifika kwa agogo kapena kwa mayi amene mwina sadziwa zimene zili m'katimo. Wotumiza foni atumizenso malamulo ake, ndipo agwirizane ndi amene asunga mwanayo: nthawi yoigwira, nthawi yoibweza, ndi malo amene igona usiku. Pa teremu ya mayeso foni ikhale ndi akulu. Kungolanda mwaukali sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mwana akabwereka ya mnzake mobisa. Chothandiza ndi kumufotokozera misampha inayi ija, ndi kumuonetsa chitsanzo. Bambo amene adya nsima dzanja lina lili pa foni sangauze mwana kuti asiye yake. Mmera m'poyamba.

PABWALO NDI PAMALIRO

Kale anyamata anali kuphunzira nzeru pa mphala ndi pa sangweni, pomvera akulu akamakamba milandu, mbiri ya makolo ndi kaweto ka ng'ombe. Atsikana anali kuphunzira pa mtondo ndi pa moto. Chaka ndi chaka Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa asonkhana pa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho kukumbukira zimenezi. Koma mwambo sukhala ndi moyo pa tsiku limodzi la chaka. Ukhala ndi moyo madzulo alionse pamene wamkulu alankhula, wamng'ono namvera. Agogo amene aona adzukulu onse ataweramira mafoni aleka kusimba, ndipo tsiku limene amwalira apita nazo zonse.

Mafumu, akulu a mipingo ndi apampando a makomiti angathandize ndi mawu ochepa. Pa msonkhano wa mudzi, wa komiti ya sukulu kapena wa kalabu, wapampando apemphe poyamba kuti mafoni akhale m'matumba. Msonkhano wotere utha msanga, ndipo palibe amene afunsa zimene zanenedwa kale. Pamaliro, wobwera kudzakhuza akhuze ndithu. Kujambula anamfedwa ndi kutumiza zithunzi ku magulu si ulemu. Pakhomo, banja lipangane kuti pa nthawi ya nsima foni sifika pamphasa.

Mlandu wa ng'ombe zolowa m'munda uli ndi woweruza, ndipo mwini munda alandira chipepeso. Koma munda umene foni idya ndi wa mwini foni yemweyo: nthawi yake, maphunziro ake, tulo take ndi banja lake. Palibe mfumu imene idzaitanitsa mlandu umenewo, ndipo palibe amene adzalipira. Chotero mwezi uno mwini foni aliyense ayang'ane maola ake, awalembe, nasankhe njira ziwiri mwa zisanu ndi ziwiri zija kuti ayambe nazo. Mwezi ukatha awerengenso, ndipo aone yekha mizere imene wapalira ndi masamba amene wawerenga.